Mbalame Imene Sanaimve

"Ndipo awa," anatero mkulu wa kampu ya ana, akuloza bambo wa chipewa chakutha, "ndi aphunzitsi athu a za mbalame. Atha zaka makumi awiri m'nkhalango muno. Mbalame ikangolira, amaitchula dzina asanaione n'komwe."

Ana onse, atakhala pa udzu ndi zikwama zawo, anawomba m'manja monga anawombera anesi ndi ophika. Bamboyo anaona manja akugundana, koma phokoso lake linamufika ngati lochokera kutsidya la mtsinje. Anali asanauze munthu zimene adokotala anamuuza mwezi wathawo, kuti makutu onse awiri akufa ndipo sadzachira.

Kamtsikana kena kanaimika dzanja. Iye anakayang'anitsitsa pamilomo.

"Aphunzitsi, nanga ikulirayo ndi mbalame yanji?"

Mitu yonse inatembenukira ku mtengo wa kuseri kwa matenti. Bamboyo anatchera khutu mpaka khosi kuuma. Kunali zii. Ankangoona masamba akugwedezeka.

"Imeneyo ndi njiwa, mwanawe," anayankha mokweza.

Nthawi yomweyo khwangwala anauluka kuchoka mumtengomo. Ana anafa nalo phwete, poyesa kuti aphunzitsi ndi anthabwala. Naye anaseka nawo.

Mkulu wa kampu sanaseke. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anasendera pafupi n'kuika pakamwa pakhutu lake.

"Achimwene, tikamaliza pano mundipeze ku ofesi."

Zimenezo anazimva.