Chilazi Chachibakera Chimodzi

"Basi? Ndine khanda ine?" Pouono anafunsa mkazi wake, akuyang'ana timaungu ndi kachilazi kowotcha m'mbale.

"Anesi anati zowotcha n'zabwino, koma chilazi chisapose chibakera chanu," Sieni anayankha. "Shuga wakudyani kale zala ziwiri zakuphazi. Akadula phazi lonse, ndidzabereke ana, ndiberekenso inu kumsana?"

Koma linali Lamlungu, tsiku limene mabanja ku Samoa amatumizirana chakudya, ndipo kusiya mbale ya munthu ndi chipongwe. Zinafika mbale zisanu ndi ziwiri.

"Osadandaula, mlamu," anatero mlongo wa Pouono, akutula yake. "Tonse tamva zimene ananena anesi. Aliyense wayeza chibakera chimodzi ndendende."

Pouono anasamba m'manja. Sieni anangokhala pansi, maso ali paphazi lija.