Mizere Iwiri Imene Fabiano Sanalembepo

Panali munthu wina dzina lake Fabiano, wophunzira za umoyo pa koleji ina, ndipo nkhaniyi akuti inachitikadi mu 1993. Anamutuma kukachita kafukufuku kumudzi wina kufupi ndi Golomoti. Asananyamuke, mphunzitsi wake, mayi Clotilda, anamupatsa pepala la mizere iwiri.

"Pamwambapa ulembe vuto limodzi limene ukukafufuza. Pansipa ulembe zimene ukufuna kudziwa pa vutolo."

"Madamu, ndikaona konko," anatero Fabiano, n'kulipinda pepalalo, n'kuponya m'chikwama. Anatenganso timabotolo, ati mwina akatifuna.

Atafika, anayamba kufunsa chilichonse chomubwerera m'mutu. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Muli ndi ana angati? Amagona nyumba iti? Bambo awo amakhalapo? Wamwalira posachedwa ndani? Manda ali kuti? Zonse ankalemba m'kope. Sankadziwa kuti masiku amenewo kunali mphekesera ya anamapopa, anthu amene akuti amapopa anzawo magazi.

Tsiku lachitatu, dzuwa lili paliwombo, anangoona azibambo amuzungulira, mipini ili m'manja. Wina anakhuthula chikwama chija, timabotolo n'kumwazika pansi. Amayi anakuwa, nakokera ana awo kumbuyo. Fabiano anadziwa kuti akhoza kufera pomwepo.

A Nasoni, mphunzitsi wopuma ntchito, anakweza dzanja.

"Taimani kaye, abale! Achimwene, tiuzeni mwachidule. Mukufufuza chiyani?"

"Za umoyo, bambo. Ndi za madzi. Ndi za, za mabanja. Zonse."

"Zonse ziti? Nanga manda mukuwafuniranji?"

Kenaka Fabiano anakumbukira pepala lija.

"Pali kalata ya kusukulu! Werengani, chonde!"

A Nasoni anatola pepalalo, naliwerenga mokweza: "Vuto lofufuzidwa." Pamzerepo panali mbee. "Zolinga." Mbee.

"Mwaona! Akubisa!" anthu anakuwa, akusendera pafupi.

Fabiano anagwada, akulira ngati mwana. A Nasoni anaima patsogolo pake, nachonderera mpaka mawu kusasa. Anthu anavomera kumusiya wamoyo, koma kope lija analitentha iye akuona. Anamuperekeza mpaka kumsewu, miyala ikumulondola.

Fabiano akudikira basi, panabwera mayi wina, a Rozina, amene iye anawafunsa mafunso makumi atatu dzulo lake.

"Bambo, mwana wanga akukodza magazi. Ana onse osamba kudambo la mpunga ali choncho. Ndimayesa mwabwerera zimenezo. Ndinadikira kuti mundifunse, koma simunafunse."

Fabiano anagwira pakamwa. Vuto linali pomwepo masiku atatu onse, iye akuwerenga manda.

Chaka chotsatira koleji inatuma wophunzira wina kukafufuza za likodzo m'mudzimo, mizere yake iwiri italembedwa bwinobwino. Anthu atangoona kope m'manja mwake anatseka zitseko. Ana aja anapitiriza kukodza magazi.

Phunziro: Usanagogode pakhomo la munthu ndi mafunso, dziwa vuto limene ukufufuza ndi zimene ukufuna kupeza, moti ukhoza kuzinena m'mawu ochepa ngakhale uli ndi mantha. Wofunsa zonse amaopseza anthu, ndipo amatsekera njira anzake obwera m'mbuyo. Patsirani nkhaniyi aliyense amene akukonzekera kafukufuku, aiwerenge asananyamule chikwama.