Kawayilesi ka ku Kapadokiya

Titapita kukaona malo akale ku Turkey, wotitsogolera anatipatsa tiwayilesi ta m'khutu kuti tizimumva. Kanga ndinaiwala kubweza.

Mumzinda wa pansi pa nthaka ku Kapadokiya, amuna anga a Lucious ankatsalira chifukwa cha bondo.

"Atupele, tandidikirani," anatero.

Ndinawakalipira kuti akundichititsa manyazi, n'kupitirira ndi gulu. Patangotha miyezi iwiri tinawaika m'manda kuno ku Indianapolis.

Dzulo usiku ndikudraiva kuchokera ku shifti, kawayilesi kaja kanayamba kusokosera m'chikwama. Batire yake inatha kalekale. Ndinamva phazi likukhwekhwereza pamwala, kenako mawu a amuna anga.

"Atupele, mwaima pati? Kuno azimitsa magetsi."

Ndinaimika galimoto m'mbali mwa msewu wa ku Beech Grove. Ulendo uno ndinadikira.

Kukhwekhwereza kuja kunkamvekabe, koma sikunkachokeranso m'chikwama.