Mseru wa Sabra

"Amayi, konzekani, mdzukulu ali m'njira!" Shafi anakuwa pa foni uku akuvinavina. Mkazi wake Sabra, yemwe anamutsatira ku Joni chaka chomwecho, ankasanza m'mawa uliwonse. Ku Mangochi nthungululu inalira mpaka foni kunjenjemera.

Kukiliniki ya ku Duduza anapeza mzere wautali: amayi, ana, ngakhale madala a imvi, onse atagwira pamimba.

"Palibe mimba apa," anatero nesi atamuyeza Sabra. "Ndi mpweya wochokera ku mtaya wa zinyalala uja. Mphepo yatembenukira kuno."

Akutuluka, fungolo linamuwomba Shafi pakhomo pomwepo. Anawerama n'kukhuthula tiyi yense wam'mawa.

Sabra anamusisita pamsana, akufa nalo phwete.

"Pepani bambo. Tiwaimbirenso amayi kuti ndi mapasa?"