Manyazi a Eveles wa ku Senga Bay

Panali munthu wina ku Senga Bay, m'zaka za m'ma 1950, mayi wamasiye dzina lake Eveles. Amene anandiuza nkhaniyi akuti ndi yoona ndithu, ndipo ine sindikukayika.

Eveles ankawamba chambo ndi kampango n'kumagulitsa kwa anthu a njinga ochokera ku Dowa ndi ku Lilongwe. Nsomba zake zinali zosayamba, koma manyazi, abale inu! Wogula akangoti "odi", iye ankathawira kuseri kwa nyumba. Mwamuna wake ali moyo ndiye ankalankhula ndi ogula.

Mlamu wake Fanny, mlongo wa malemuyo, ankamuuza kuti, "Alamu, muzituluka. Muziwapatsa moni nokha anthuwa, akudziweni."

"Ndikawaona lilime limalemera," ankatero Eveles.

Tsiku lina kunatulukira mkulu wina wachilendo, Anderson, wa chipewa ndi nsapato zonyezimira, pakamwa pali tseketseke.

"Mayi, musavutike. Inu muziwamba, ogula ndizikumana nawo ine kumsewu."

Fanny anakana. "Munthuyu kwawo mukukudziwa? Ogula akazolowera nkhope yake, yanu adzaiwala."

Eveles sanamve. Kwa iye zinali ngati wamtula mtolo wa nkhuni. Chaka chonse anakhala mwamtendere, akuimba nyimbo zake pamoto, Anderson akunyamula madengu. Njinga zinasiya kufika pakhomo, iye n'kumati ndiye bwino.

Nanga Anderson anali wopusa? Atadziwana ndi ogula onse, anamanga thandala lakelake lowambirapo nsomba, nayika mkazi wake pamoto. Kwa Eveles sanapondekonso. Madengu anangodzaza m'nyumba, mvula inayamba, nsomba zinayamba kuchita chuku. Amalume ake a ku Dowa anatumiza mawu akuti bizinesi ikakanika adzabwera kudzamtenga ndi ana, akagwire khasu kumudzi. Eveles analira, chifukwa kunyanja ankakukonda, ndipo ntchitoyo inali yake.

Fanny anamukoka dzanja mpaka pasitolo pamene ogula ankapumira. Eveles atangoona gulu la azibambo, anaima patali. Moni sanapereke. Potembenuka anamva wina akunena kuti, "Si mayi onyada aja awa? Anderson amati safuna kuona anthu."

Zinamupweteka kwabasi. Iye ankati ndi manyazi chabe, osadziwa kuti anthu akumuona ngati wodzimva.

M'mawa mwake njinga ya wogula wina, bambo Abbas, inaphwa tayala pafupi ndi nyumba yake. Anapempha madzi m'beseni oti aonere pomwe chubu chabooka. Eveles anagwada, napereka madzi, maso ali pansi. Abbas anamata chubu natsazika.

Tsono paja kwathu kuno mlendo sachoka yekha pakhomo. Ngakhale uchite manyazi bwanji, umamperekeza. Eveles anadzuka n'kutsata pambuyo, Abbas akukankha njinga patsogolo. Mnjiramo munalibe gulu, munalibe woyang'anana naye m'maso. Ankangoona msana wa munthu ndi tayala likuzungulira. Mawu anangotuluka okha.

"Bambo, nsomba zomwe munkagula kwa a Anderson chaka chatha zija, ndinkawamba ndine."

Abbas anaima. "Wallahi! Ndinu? Nanga bwanji simunanene dzulo pasitolo paja?"

"Ndimachita manyazi, bambo."

Abbas anaseka mpaka kugwira chishalo. "Manyazi? Ife timati mumatinyoza! Muli nazo nsomba?"

"Zilipo, koma zambiri zaonongeka."

"Tiyeni tikaone zotsalazo."

Anabwerera. Zambiri zinali zotaya basi, ndipo Eveles anakazikwirira kudzala mtima ukuwawa. Zabwinozo Abbas anamanga panjinga. Pomperekeza kachiwiri, Eveles analimba mtima n'kufunsa za kunyumba, ana ndi mvula ya ku Lilongwe. Abbas anamutchulira anzake awiri, n'kunena kuti, "Inshallah, sabata yamawa ndibwera nawo."

Anabweradi. Kuyambira pamenepo Eveles anapeza njira yakeyake. Pakhomo ankangopereka moni ndi mpando, zokamba zambiri ayi. Koma wogula aliyense ankamperekeza mpaka pamtengo wa mango wa pamphambano, ndipo mnjiramo ndi momwe ankafunsa nsomba zomwe anthu akumtunda akufuna, tsiku lomwe adzabwerenso, ndi mnzawo amene angamuuze. Manyazi sanathe ayi, koma ogula anamudziwa dzina, ndipo ena ankamubweretsera mbatata ndi mtedza wa kwawo.

Fanny ankamuseka. "Alamu, kale tinkakukokani, lero mukuchedwa kunjira mpaka nsomba kupserera!"

Anderson naye anapitiriza bizinesi yake, koma ogula atadziwa bodza lija, ambiri anayamba kumulambalala.

Mvula itatha, amalume aja anatsikadi kuchokera ku Dowa kudzamtenga. Anapeza njinga zitatsamira mpanda wonse, mpando wokhalira palibe. Anadya, anagona, osatchula chomwe anadzera. M'mawa Eveles anawamangira kampango wamkulu, nawaperekeza. Atafika pamsewu, amalume anacheuka.

"Nanga katundu wako ali kuti?"

"Amalume, mukapereke moni kumudzi. Ine ogula akundidikira."

Mkuluyo anakwera lole yekha, Eveles nabwerera ku moto wake.

Phunziro: Manyazi si tchimo, koma ukapereka bizinesi yako kwa mlendo kuti azikulankhulira, adzatenga ndi ogula ako omwe. Ngati gulu limakuopsa, yamba ndi munthu mmodzi, mupatse moni, muperekeze, adziwe kuti katunduyo ndi wako. Musaisunge nokha nkhaniyi, mutumizireni mnzanu uja amene amabisala kasitomala akafika.