Makwerero m'mimba mwa a Frazer

"Mayi, senderani pawindo pano," adatero dokotala Dorica Nkhoma, atakweza chithunzi cha ekisire poti magetsi adali atathimanso.

Loveness adadzuka pansi pomwe adagona, pambali pa bedi la amuna ake, a Frazer, tenanti wa fodya ku Nsaru.

"Mukuona timizere togona iti, tosanjikizana ngati makwerero? Pansi pa kamzere kalikonse pali madzi, pamwamba pali mpweya. Matumbo aang'ono afufuma pakati pamimbapa, koma kumunsiku kulibe kanthu. Njira yatsekeka, n'chifukwa chake bambo akungosanza, kuchimbudzi osapita. Akufunika opaleshoni lero lomwe, apo ayi matumbo awola."

Loveness adayang'ana pansi. "Adokotala, ine ndine mkazi chabe. Za mpeni amalamula ndi akwawo."

Dorica adausa moyo. Mawu amenewa adawamvapo kambirimbiri, ndipo adasiya kalekale kukwiya nawo. Adangomupatsa foni kuti aimbire alongo awo a wodwalayo ku Phalombe.

"Mlamu, ife tingalole bwanji?" adayankha alongowo. "Chimwalirireni amalume, mwini mbumba ndi achimwenewo. Chimene anene iwo, ifenso tili pomwepo."

Loveness atamuuza yankholi, Dorica adawerama pabedi. "Bambo, thupi ndi lanu, ndipo nthawi ikutha. Tikupangeni opaleshoni?"

A Frazer adatsegula maso pang'onopang'ono, nanyambita milomo yawo youma.

"Kodi akwathu akuti bwanji?"