Zisanu Zokha

Gvozden anaiwala kuzimitsa mbaula m'shopu yake yokonzera mfuti, ndiye anabwererako usiku, chipale chofewa chikugwa. Pakhomo anapezapo munthu ali chilili.

"Mwaswera bwanji, amisiri?"

Anali Strahinja, mlonda wa kunkhokwe ya mafuta. Sabata yatha anabweretsa pisito yake yolowa zipolopolo khumi ndi zisanu ndi ziwiri, akudandaula kuti imakakamira. Mfuti yotere akaikonza amaidzaza n'kuwombera mpaka chipolopolo chomaliza. Koma Gvozden anaumira zipolopolo. Anawombera zisanu zokha, n'kumuuza kuti, "Ngakhale uiviike m'matope, idzalira."

"Iwe, kuzizira konseku?" anatero Gvozden pakhomopo. "Lowa, timwe kachasu wa rakiya, mafupa atenthe."

Analowa.

"Munaiyesa ndi zingati, amisiri?"

"Zonse, mwanawe. Wayamba liti kundikayikira?"

Strahinja anaika mfutiyo patebulo. Chipolopolo chimodzi chinali chitapingasa m'kati, chosatuluka.

"Zisanu zinalira bwinobwino," anatero. "Koma akuba amene anabwera kunkhokwe anali atatu."

Apa m'pamene Gvozden anaona kuti chipale cha pamapewa a mlondayo sichikusungunuka, chikhalirecho anaima pafupi ndi mbaula. Pachifuwa pa jekete yake panali kabowo kakuda.

Foni inalira m'thumba la Gvozden. Ataitulutsa, anaona dzina la mkazi wa Strahinja.

"Musayankhe, akungolira ameneyo," anatero mlondayo, akukhoma chitseko pang'onopang'ono. "Ikonzeni kaye. Zatsala khumi ndi ziwiri. Ulendo uno muima kutsogolo, amisiri, ndiyesa ndine."